Mawu Akamachedwa M'mahedifoni: Latency N'chiyani Ndipo Imachokera Kuti?

M'tizipinda tojambulira nyimbo ta pa boma la Dedza, ku Lizulu, ku Ntcheu ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 muli mkangano umodzi umene sukutha. Woimba amavala mahedifoni, kuyamba vesi, kenako n'kuima: "Achimwene, ndikudzimva kawiri," kapena "biti ikundithawa." Wojambula amayang'ana pa kompyuta, n'kuona kuti zonse zikuyenda, ndiye amayankha kuti, "Mayi, mukutsalira ndinu, tiyeni tibwereze." Amabwereza mpaka mawu kusasa, ndipo kwaya imene inasonkherana ndalama kwa miyezi imabwerera kwawo ndi nyimbo yosakhazikika. Kukacha malangizo amachuluka. Wina akuti laputopu yakalamba, igulidwe ina. Wina akuti pulogalamu ya FL Studio ndi ya mabiti okha, mawu amafuna pulogalamu ya Cubase. Wina akukayikira maiki.

Kawirikawiri onsewa amakhala akulimbana ndi chinthu chimodzi chimene akatswiri amachitcha latency. Chosokoneza n'chakuti pansi pa dzina limodzili pali mavuto awiri osiyana. Lina ndi kuchedwa kumene woimba amamva m'makutu pamene akuimba. Lina ndi kuchedwa kumene kumatsalira m'nyimbo, mawu atagona kumbuyo kwa biti ngakhale woimba anaimba molondola. Gwero lake ndi losiyana, mankhwala akenso ndi osiyana, ndipo munthu amene sanawalekanitse akhoza kuwononga ndalama zambiri pogula zida zimene sizikhudza vuto lake.

Latency n'chiyani?

Latency ndi kamphindi kamene kamadutsa kuchokera pamene mawu alowa m'maiki kufikira pamene atuluka m'mahedifoni atadzera m'kompyuta. Kamphindika kamayezedwa m'mamilisekondi, amene mapulogalamu amawalemba mwachidule kuti ms. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000.

Kuchedwa kwa mawu sikunayambe ndi makompyuta ayi. Mumpweya mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kutanthauza kuti mita iliyonse imadya pafupifupi mamilisekondi atatu. Woimbitsa kwaya amene waima mamita asanu kuchokera kwa abambo a besi amawamva patadutsa mamilisekondi 15, ndipo palibe amadandaula. Woimba gitala amene sipika yake ili mamita atatu kumbuyo kwake amachedwa kudzimva ndi mamilisekondi 9 tsiku lililonse, osazindikira. Choncho palibe situdiyo padziko lapansi imene inathetseratu kuchedwa. Chimene ojambula amafuna ndi kukuchepetsa mpaka khutu ndi thupi zisiye kukuzindikira.

Woimba ndi pakamwa ndiye amavutika msanga kuposa oimba zida, ndipo chifukwa chake chili m'thupi. Munthu akamaimba amadzimva nthawi yomweyo kudzera m'mafupa a nsagwada ndi chigaza. Mawu a m'mahedifoni akafika mochedwa ngakhale pang'ono, amakumana ndi a m'mafupa aja asakugwirizana, mbali zina za mawu n'kufafanizana, woimba n'kumamva liwu lake litapepuka ndiponso lachilendo. Kuchedwa kukakhala kosapitirira mamilisekondi 10, anthu ambiri amaimba bwinobwino. Kukafika cha pa 20 kapena 30, munthu amamva kuti chinachake chikumukoka. Kukapitirira 50, amamva ngati pali wina amene akumutsatira pambuyo. Ofufuza za kalankhulidwe anapeza kalekale kuti munthu amene akumva mawu ake atachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 200 amayamba kuchita chibwibwi, ngakhale amene sanachitepo chibwibwi chibadwire.

Apa m'pamene mkangano uja umayambira. Wojambula amene wakhala pampando sangamve vutoli mmene woimba akulimvera, chifukwa iye alibe mawu a m'mafupa oti afananize nawo. Onse awiri amanena zoona, koma akumva zinthu zosiyana. Woimba akanena kuti akudzimva kawiri, ndi bwino kumukhulupirira ndi kuyang'ana makina musanamuuze kuti abwereze.

Ulendo wa mawu m'makina

Maiki imasandutsa mawu kukhala kamagetsi kofooka. Kamagetsika kamalowa mu saundikhadi, kabokosi kolumikiza maiki ndi kompyuta kamene ena amakatcha audio interface. Saundikhadi imayeza kamagetsika maulendo zikwizikwi pa sekondi n'kusandutsa muyezo uliwonse kukhala nambala. Nambala imodzi imatchedwa sampulo, ndipo kuchuluka kwa masampulo pa sekondi ndiye sample rate. Zimbale za CD zimagwiritsa ntchito masampulo 44,100 pa sekondi, pamene ntchito zambiri za vidiyo zimagwiritsa ntchito 48,000.

Kompyuta sigwira masampulowa limodzilimodzi. Imadikira kuti aunjikane pang'ono, n'kuwanyamula onse pamodzi, kuwakonza, n'kudikiranso mulu wina. Malo ounjikirapowa ndi amene amatchedwa buffer, ndipo kukula kwake mumasankha nokha: 64, 128, 256, 512, 1024 kapena 2048.

Taganizani za pa depoti ya Dedza. Sienta yopita ku Lilongwe imadzaza msanga n'kunyamuka, wokwera osadikira. Koma kuti anthu onse a pa depoti achoke pamafunika maulendo ambirimbiri, ndipo galimoto imodzi ikangochedwa kubwera, mzere umasokonekera. Basi yaikulu imatenga khamu ulendo umodzi popanda chipwirikiti, koma amene anayamba kukwera amakhala pampando mpaka itadzaza. Buffer yaing'ono ndi Sienta: mawu sadikira, koma purosesa, ubongo wa kompyuta, imathamanga osapuma. Buffer yaikulu ndi basi: kompyuta imagwira ntchito modekha, koma mawu amafika mochedwa.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi ofunika kuwadziwa. Gawani kukula kwa buffer ndi sample rate. Pa 44,100, buffer ya 128 ndi mamilisekondi 2.9, ya 256 ndi 5.8, ya 512 ndi 11.6, ya 1024 ndi 23.2, ndipo ya 2048 ndi 46.4. Koma mawu a woimba amadikira kawiri, polowa ndi potuluka. Kuwonjezera apo, saundikhadi imadya milisekondi imodzi kapena ziwiri posandutsa mawu kukhala nambala ndi powabwezeretsa, ndipo zida zambiri za USB zimasunganso ka buffer kena kobisika kodzitetezera. Motero amene wasankha 512 n'kuona 11.6 pa kompyuta, woimba wake amakhala akudzimva patadutsa mamilisekondi oposa 25. Amene wasiya pa 1024 wayandikira 50. M'nyimbo ya mabiti 100 pa mphindi, biti iliyonse imatenga mamilisekondi 600, ndipo tizigawo tinayi ta m'kati mwake, m'mene mumagona mawu othamanga, ndi ta mamilisekondi 150 kalikonse. Kuchedwa kwa 50 kwadya kale gawo limodzi mwa magawo atatu a kachigawo kamodzi.

N'chifukwa chake ojambula ambiri amasintha buffer malinga ndi ntchito. Pojambula mawu amaitsitsa kufika pa 128 kapena 256. Pomikisa, pamene palibe amene akuimba, amaikweza kufika pa 1024 kapena kuposerapo. Ena amaopa kuti buffer yaikulu kapena yaing'ono imawononga kukoma kwa mawu. Si choncho. Bola ngati mawu sakudukaduka, nyimbo yojambulidwa pa 128 ndi yojambulidwa pa 1024 ndi chimodzimodzi, ndipo buffer ilibe gawo pa fayilo yomaliza imene mumatulutsa.

Woimba kiyibodi nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Akamaimba pa kiyibodi ya MIDI, imene imangotumiza malangizo kuti kompyuta ipange mawu, amadikira ulendo umodzi wokha, wa potuluka. Koma akamaimba pa Yamaha PSR ngati za m'matchalitchimu n'kumamva mawu a kiyibodiyo mwachindunji, palibe kudikira konse.

Driver: pamene ambiri amagwera

Musanakhudze buffer, yambani mwaona driver, kapulogalamu kamene kamalankhulitsa saundikhadi ndi kompyuta. Njira zakale za Windows zotchedwa MME ndi DirectSound zinapangidwira kuseweretsa mawu wamba, ndipo zimawadutsitsa m'malo ambiri odikirira. Pa njira zimenezi kuchedwa kumatha kukula kwambiri moti buffer iliyonse imene mungasankhe sithandiza. Mu FL Studio, mukakanikiza F10 n'kupita pa Audio, n'kupeza kuti pasankhidwa Primary Sound Driver, mwapeza kale gwero lalikulu la vuto lanu.

Kampani ya Steinberg ya ku Hamburg, eni ake a Cubase, inatulutsa njira yotchedwa ASIO mu 1997 kuti pulogalamu yojambulira izilankhula ndi saundikhadi mwachindunji, osazungulira. Masaundikhadi ambiri ali ndi driver ya ASIO yakeyake imene muyenera kuitenga pa intaneti kwa opanga chidacho ndi kuiika nokha. Anthu ambiri amagula saundikhadi yabwino, kuilumikiza, kuona kuti mawu akutuluka, n'kuganiza kuti zatha, osadziwa kuti akuyendabe pa njira yakale ya Windows.

Palinso mayina awiri amene amasokoneza. ASIO4ALL ndi kapulogalamu kaulere kamene katswiri wa ku Germany, Michael Tippach, anapanga kuti zida zopanda ASIO yawoyawo zizigwirako ntchito. Kamathandiza, koma kamakonda kugwira saundikhadi kokha, moti YouTube kapena nyimbo ina imene mukufuna kumvera pambali imangoti zii, munthu n'kuganiza kuti masipika afa. FL Studio ASIO, imene imabwera ndi pulogalamu ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imalola mapulogalamu ena kumveka nthawi imodzi, koma kawirikawiri imachedwa kuposa driver ya opanga saundikhadi. Ngati chida chanu chili ndi yake, sankhani imeneyo. A makompyuta a Mac alibe chintchito chimenechi, chifukwa njira yawo yotchedwa Core Audio imabwera ili yofulumira kale.

Njira ziwiri zodzimvera

Pa masaundikhadi ambiri, monga a Focusrite Scarlett ndi a Behringer, pali batani lolembedwa Direct Monitor. Mukaliyatsa, mawu a pa maiki amapita m'mahedifoni asanalowe m'kompyuta, ndipo kuchedwa kumakhala kochepa kwambiri moti sikumveka, buffer ikhale 2048 kapena yotani. Kompyuta imajambulabe mawuwo monga mwa nthawi zonse. Kuipa kwake n'kwakuti woimba amadzimva mawu osakometsera, opanda reverb, kamkokomo kaja kamene kamachititsa liwu kumveka ngati lili m'chipinda chachikulu, ndiponso opanda Auto-Tune, kapulogalamu kowongola liwu likaphonya toni.

Njira inayo ndi kudzimvera kudzera m'pulogalamu. Apa woimba amamva zokometsera zonse, koma amalipira ndi kuchedwa konse kumene tawerengera kuja.

Ojambula amasiyana maganizo pa nkhaniyi, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Ena amati woimba azimva liwu lake lenileni kuti adziwongole yekha akayamba kuphonya. Ena amati munthu amene akumva liwu lake likukoma amalimba mtima n'kuimba momasuka, ndipo achinyamata amene kaimbidwe kawo kamadalira Auto-Tune, imene kampani ya Antares inatulutsa mu 1997, sangadziwe mmene nyimbo idzamvekere ngati sakuimva ikugwira ntchito. Kwa amenewa palibe kuchitira mwina: buffer itsike kufika pa 128 kapena 64, ndipo Auto-Tune iikidwe pa kagwiridwe kake kosachedwetsa mawu.

Chimene onse amagwirizana n'chakuti njira ziwirizi zisayake limodzi mosadziwa. Direct Monitor ikayaka, pulogalamu nayonso n'kumatulutsa mawu omwewo, woimba amamva liwu lake kawiri, lina nthawi yomweyo lina pambuyo pake. Kudandaula kwa "ndikudzimva kawiri" nthawi zambiri kumathera pomwepa. Mu FL Studio muli malo osankhira ngati mawu olowa azimveka nthawi zonse, azimveka pokhapokha mwakonzekera kujambula, kapena asamveke. Mu Ableton Live muli mabatani atatu, In, Auto ndi Off. Mu Cubase ndi kabatani kokhala ndi chithunzi cha sipika pa mzere wa woimba, kutanthauza malo amene mawu ake amajambulidwa m'pulogalamu.

Pali njira yapakati imene ndimailimbikitsa kwa amene laputopu yawo ndi yofooka. Yatsani Direct Monitor kuti liwu lenileni lifike nthawi yomweyo, ndipo m'pulogalamu mutulutse reverb yokha, yopanda liwu loyambirira. Mkokomo mwachibadwa umabwera pambuyo pa liwu, choncho ukachedwa ndi mamilisekondi 20 kapena 30 khutu silikhumudwa.

"Koma dzulo kunalibe vutoli"

Izi zimachitika motere. Nyimbo yajambulidwa bwino Lolemba, wojambula wamikisa sabata yonse, ndipo Loweruka woimba wabweranso kudzakonza mzere umodzi wokha. Buffer ndi yomweyo, driver ndi yomweyo, koma mawu akuchedwa moopsa.

Chasintha ndi maplugin, timapulogalamu tokometsera mawu timene mumaika pa mizere ya nyimbo. Maplugin ena sangagwire ntchito asanasuzumire mawu amene akubwera kutsogolo. Limiter, imene imaletsa nyimbo kupyola malire a mphamvu, imasunga mawu kamphindi kuti ione phokoso lisanafike. EQ (plugin yokweza kapena kutsitsa mbali zina za mawu) ya mtundu wa linear phase, komanso maplugin ochotsa phokoso la m'chipinda, amatha kusunga mawu kwa mamilisekondi makumi angapo. Tsono mzere umodzi ukachedwa, ina yonse ingautsogolere, nyimbo n'kusokonekera. Pofuna kupewa zimenezi pulogalamu imachedwetsa mizere ina kuti idikire wochedwayo. Kachitidweka kamatchedwa plugin delay compensation, mwachidule PDC, ndipo ndi kabwino kwambiri pomikisa. Pojambula m'pamene kamavuta, makamaka plugin yolemera ikakhala pa mzere wa Master umene mawu onse amadzerapo, kuphatikizapo a woimba wanu.

Opanga mapulogalamu amalidziwa vutoli ndipo aliyense anaika batani lake. Mu Cubase ndi Constrain Delay Compensation, mu Logic ndi Low Latency Mode, mu Ableton Live ndi Reduced Latency When Monitoring. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: m'mapulogalamu ena, monga Cubase, kulambalala plugin ndi batani la bypass sikuchotsa kuchedwa kwake. Imafunika kuzimitsidwa kwenikweni. Njira yosalephera pa pulogalamu iliyonse ndi kutulutsa zing'wenyeng'wenye zonse kukhala fayilo imodzi ya WAV (mtundu wa fayilo ya mawu yosafinyidwa), kutsegula pulojekiti yatsopano yopanda kanthu, kujambulira mawu mmenemo, kenako n'kuwabwezera ku pulojekiti yaikulu. Amene amaphika biti ndi kujambula mawu pa laputopu imodzi yaing'ono angachite bwino kuizolowera njira imeneyi.

Mawu akagona pamalo olakwika

Tsopano vuto lachiwiri lija. Woimba amamva biti itachedwa ndi buffer ya potuluka, ndipo mawu ake amafika m'kompyuta atachedwa ndi buffer ya polowa. Pulogalamu ikanawasiya pomwe afikira, akanagona kumbuyo kwa biti nthawi zonse. Choncho mukangomaliza kujambula, pulogalamu imawakokera kutsogolo yokha. Kuti idziwe mlingo wokokera, imafunsa driver. Driver yabwino imanena zoona. Yosalongosoka imabisa mbali ina ya kuchedwa, ndipo mawu amagona pamalo olakwika ngakhale woimba sanalakwe kalikonse. Mu FL Studio onetsetsaninso kuti Latency compensation, imene ili pansi pa Disk recording pa Mixer, ndi yoyatsa.

Mungadziwe bwanji kuti wolakwa ndi makina kapena munthu? Kulitsani chithunzi cha mawu pa kompyuta n'kuyang'ana koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa nyimbo. Ngati mawu atsalira ndi mlingo wofanana malo onse atatu, ndi makina, pakuti palibe munthu amene angachedwe ndi mamilisekondi ofanana ndendende kwa mphindi zinayi. Ngati pena akutsogola pena akutsalira, ndi woimba, koma mufunsenso ngati sanali kulimbana ndi mahedifoni ochedwa, chifukwa munthu amene akudzimva mochedwa amavutika kusunga liwiro la nyimbo. Ngati kutsalirako kukukulirakulira nyimbo ikamapita, ndiye kuti pali mawotchi awiri osagwirizana, monga zimachitikira nthawi zina maiki ya USB ikamajambula pamene mawu akutulukira pa chida china, kapena liwiro la biti silikufanana ndi limene mwalemba m'pulojekiti. Kuyang'ana kwa mphindi ziwiri kumeneku kungapulumutse ubale wa woimba ndi wojambula.

Zikadziwika kuti ndi makina, kuchedwako kumayezeka. Zimitsani kudzimvera konse kuti pasakhale kulira kwa masipika, zimitsaninso batani la 48V, lotumiza magetsi ku maiki kuchokera ku saundikhadi. Tengani waya kuchokera potulukira mawu pa saundikhadi n'kuulowetsa polowera pake. Seweretsani kaphokoso kakafupi kakuthwa, monga ka metronome (chida chogunda nthawi ya nyimbo) kamene mwakaika pa mzere, n'kukajambula pa mzere wina. Mtunda wa pakati pa kaphokoso koyamba ndi kojambulidwa ndiye kulakwa kwa makina anu. Ngati mulibe waya, gunditsani hedifoni pa maiki. Nambala imene mwapeza ili ndi malo ake: mu Cubase ndi Record Shift, mu Ableton Live ndi Driver Error Compensation, mu Reaper ndi manual offset pansi pa Recording. Audacity imabwera itaikidwa kale pa mamilisekondi 130 okokera mawu kutsogolo, nambala yongoyerekeza imene siyenerana ndi kompyuta iliyonse. Mukasintha driver, buffer kapena sample rate, yezaninso.

Mahedifoni a Bluetooth nkhani yake ndi yaifupi: amawonjezera mamilisekondi oposa 100, nthawi zina kufika 200, ndipo mlingowo sukhazikika. Ndi omvera nyimbo, si ojambulira. Achinyamata amene amajambula pa foni ndi BandLab agwiritse ntchito mahedifoni a waya ndipo ayambe ayeza kuchedwa ndi chida chimene pulogalamuyo ili nacho.

Mafayilo a MP3 nawonso amabweretsa chisokonezo chawo. Popanga MP3, kutsogolo kwa fayilo kumawonjezeka kachete ka mamilisekondi pafupifupi 25, ndipo si mapulogalamu onse amene amakachotsa. Wophika biti wa ku Ntcheu akatumiza MP3 kwa woimba wa ku Lilongwe, woimbayo n'kubweza mawu ake okha, mwini biti amapeza kuti sakukhala bwino pa pulojekiti yake. Tumiziranani WAV, ndipo pa WhatsApp muitumize ngati dokumenti kuti isafinyidwe. Mafayilo onse ayambire pa chiyambi penipeni pa nyimbo, ngakhale woimba atalowa pa vesi yachiwiri.

Kuthetheka ndi kudukaduka

Mukatsitsa buffer kupyola mphamvu ya kompyuta, purosesa imalephera kumaliza mulu wina nthawi yake isanakwane, ndipo m'masipika mumamveka kuthetheka. FL Studio imawerenga kulephera kumeneku pa tsamba la Audio pansi pa dzina lakuti underruns. Nambalayo ikamakwera, kwezani buffer sitepe imodzi.

Kwathu kuno pali chifukwa china chimene ambiri sachiganizira. Magetsi akazima laputopu n'kuyamba kuyendera batire, Windows imachepetsa liwiro la purosesa kuti batire ikhalitse. Pulojekiti imene imayenda bwino pa 128 m'mawa imayamba kuthetheka masana popanda chimene mwasintha. Pitani pa zosankha za mphamvu ya magetsi mu Windows n'kusankha kagwiridwe kamphamvu, podziwa kuti batire itha msanga. Fumbi la m'chilimwe likatseka potulukira mpweya, laputopu imatentha n'kudzichepetsera liwiro yokha. Wi-Fi nayo pa malaputopu ena imalanda purosesa kamphindi kochepa koma kokwanira kudula mawu. Izimitseni pojambula, ndipo kapulogalamu kotchedwa LatencyMon kangakuonetseni chimene chikulanda nthawiyo. Amene akuganiza zowonjezera RAM, malo amene kompyuta imasungira zimene ikugwira pa nthawiyo, adziwe kuti imathandiza kunyamula zida zambiri m'pulojekiti, koma siichepetsa kuchedwa kwa mawu.

Zina zosokoneza zimene si latency

Woimba akamamveka khutu lamanzere lokha, mahedifoni sanafe. Mwasankha polowera pawiri, In 1 ndi In 2 pamodzi, pamene maiki ili pa khomo limodzi. Sankhani polowera pamodzi pa mono ndipo liwu lidzakhala pakati. Maiki ya condenser ikakhala chete, yatsani 48V, magetsi amene maiki za mtunduwu zimadya kuchokera ku saundikhadi.

Nyimbo ikamamveka yothamanga ndiponso liwu litakwera, kapena yaulesi liwu litatsika, yang'anani sample rate. Mawu ojambulidwa pa 44,100 akaseweredwa ngati a 48,000 amathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo amakwera kupitirira theka la toni. Zimachitika kawirikawiri nyimbo ikapita kwa wokonza vidiyo.

FL Studio ili ndi misampha yakeyake. Batani la PAT ndi SONG likakhala pa PAT, mumamva kachigawo kamodzi kakubwerezabwereza m'malo mwa nyimbo yonse. Mukasintha liwiro la pulojekiti mawu atajambulidwa kale, pulogalamu imafunsa ngati iwatambasule, ndipo kuvomera mosawerenga kumasintha mawu a woimba. Pa mzere wojambulira mumasankhanso malo otengera mawu: External input only imasunga liwu loyera, pamene Post effects imamatirira reverb ndi zokometsera zonse ku liwulo, zosachotsekanso. Ndipo amene akugwiritsa ntchito FL Studio yoyeserera adziwe kuti imalola kusunga pulojekiti koma siilola kuitsegulanso mpaka atagula. Reaper imalola kuyesa masiku 60 popanda chotsekedwa chilichonse, ndipo Audacity ndi yaulere.

Kwaya yonse ikaimba pamodzi

Zonse takambazi zimakhudza kujambula kosanjikiza, kumene biti imayamba, kenako soprano, kenako alto, aliyense atavala mahedifoni. Koma kwaya ya ku Bembeke ikamaimba yonse nthawi imodzi m'tchalitchi, kapena gulu la ngoma ya Angoni a kwa Gomani likamavina ndi kuimba pabwalo, palibe amene akudzimvera m'makina. Oimba akumvana okha mumpweya monga amachitira masiku onse. Pamenepo kwezani buffer kufika pa 1024 kapena 2048 kuti kompyuta isadule mawu pakati pa nyimbo imene singabwerezedwe mosavuta.

Kuchedwa kumene kumatsala ndi kwa mumpweya kuja. Maiki imodzi ikakhala pafupi ndi wotsogolera nyimbo, ina mamita atatu kumbuyo, liwu lake limafika pa yachiwiriyo patadutsa mamilisekondi 9, ndipo mukaziphatikiza limatha kupepuka. Musanayambe, wotsogolerayo aombe m'manja kamodzi ali pamalo ake oimbira. Kuombako kudzaoneka pa mizere yonse, ndipo pomikisa mudzakokera mzere wa maiki yakutali kuti ufanane ndi wapafupi. Ngati kwaya ikuimba ndi kiyibodi, lowetsani waya wa kiyibodi mu saundikhadi, ndipo sipika yake muichepetse ndi kuiika kumbuyo kwa maiki, kuti mawu ake ochedwa a mumpweya asadzalimbane ndi a pa waya.